Kaseti Yoyanikidwa pa Malata

Ntchito yanga yoyamba ya pamwezi ndinaipeza chifukwa chonyoza fani ya munthu. Nthawi imeneyo ndinkakhala pa siteshoni ya Chongwe, pomwe maminibasi a ku Lusaka amatembenukira, ndikugulitsa machaja ndi makava a foni, komanso kugula chilichonse chakufa chimene mwini wake watopa nacho. Anzanga ankanditcha Lasiti, poti mawu oti lasiti pulaisi, mtengo womaliza, ndinkawatchula kuposa dzina la amayi anga.

Tsiku lina kunafika mayi wina wamfupi, wovala ovolosi ya buluu, atanyamula fani yothyoka khosi. Ndinaitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza, n'kupukusa mutu ngati ndafika pamaliro. Ndinawauza kuti mota yake inapsa kalekale, kuti fani yotere ngakhale nkhuku singavomere kuikira mazira pansi pake, ndipo kuti ndikaigula ndiye kuti ndangowathandiza kutaya zinyalala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandiuza kuti motayo anaikulunga okha dzulo lake, ndipo inkazungulira bwino kuposa lilime langa. Ankapita nayo kwa wowotcherera kuti akalumikize khosi basi. Ndinayembekeza kutukwanidwa, koma iwo anangoseka.

"Fani sinigulisa," anatero. "Koma pakamwa apo nipafuna. Ubwele mailo ku shopu, kumbuyo kwa butchala."

Amenewo anali ba Airini, ndipo m'mawa mwake ndinakhala wantchito wawo.

Kutsogolo kwa shopuyo ankakonza mafoni ndi mawailesi. Koma mtima wawo unali kuseri kwa katani, komwe kunali mashelefu a magemu akale, aja olumikiza ku TV amene tinkasewera tili ana, ndi ena ogwira m'manja oyendera mabatire a tochi yaing'ono. Gemu iliyonse imakhala m'kabokosi ka pulasitiki kolowetsa pamakina. Ophunzira amati katiriji, koma kuno tonse timangoti kaseti. Nditaziona ndinaganiza kuti ndalembedwa ntchito ndi munthu wodwala mutu. Ndani angagule zimenezi masiku ano, foni ili m'thumba?

Ogula alipo, ndipo si ana. Ndi azibambo a mimba zawo, ogwira ntchito m'boma ndi m'mabanki, amene anamanga pamapuloti atsopano m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Ambiri mwa iwo ali ana ankaonera magemuwa pawindo la nyumba ya neba, atapondera pa njerwa. Lero ali ndi galimoto ndi geti yachitsulo, ndipo akufuna kugula windo lija. Ena amafuna kaseti ya orijino, yochokera kufakitale zaka zimenezo, kuti aiike pashelefu n'kumaiyang'ana. Oterewa kusewera sasewera kwenikweni. Ena amangofuna kusewera, ndipo kwa iwo ba Airini ankapanga makope.

Kapangidwe kake ndi aka. Mabodi opanda kanthu ndi zikhokho zapulasitiki zinkabwera pa phasulo kuchokera ku China. Bodi ankailowetsa mu rida, kamakina kolumikiza ku laputopu kamene kamawerenga ndi kulemba makaseti. Akalembamo gemu ankaiyesa pamakina, n'kuitsekera m'chikhokho, n'kumata leba imene ine ndinkadula ndi lezala ndi rula yachitsulo. Chomaliza ndicho chinkandipweteka mtima. Ankatenga ayini yowotcherera n'kulemba ndi nsonga yake, kumbuyo kwa chikhokho chilichonse, mawu oti KOPE, ozama moti sungawafufute. Ine mwana wa pa siteshoni ndinkaona ngati munthu akuboola yekha thumba lake. Ndinawauza kuti popanda mawu amenewo theka la makasitomala athu silikanadziwa kusiyana kwake.

"Gong'a ni chinthu chamene chinama," anandiyankha. "Changa sichinama. Chikamba cheka kuti nine kope."

Gong'a, kwa amene sadziwa, ndi katundu wachinyengo wodzitcha weniweni. Ba Airini anandiphunzitsa kumuzindikira. Leba ya orijino imakhala ndi kanambala kodindidwa, koonekera pokhapokha ukaipendeketsa padzuwa. Sikuluu yake ili ndi mutu wachilendo wofuna sikuludiraiva yakeyake. Ukatsegula, bodi ya orijino imakhala yaukhondo, matchipu ake ali ndi miyendo yooneka. Ya gong'a nthawi zambiri imakhala ndi dontho lakuda pakati, ngati phula la pamsewu, lobisa zonse.

Koma iwo sanandilembere kudula maleba. Anandilembera kuyenda. Makaseti a orijino sabwera pa phasulo, amapezeka m'masutikesi akale pansi pa bedi, kwa mathitcha opuma ntchito a ku Chalimbana, kwa ogwira ntchito ku mishoni amene anasiyiridwa zinthu ndi azungu, m'mafamu mmene ana anakula n'kupita. Ndinkanyamula kachikwama kokhala ndi sikuludiraiva ija, thonje, botolo la sipiriti lopukutira mano a kaseti, ndi pakamwa panga.

Njira yanga inali imodzi, yomwe ija ya fani. Kugula kumayamba ndi kunyoza. Aliyense wa pamsika amadziwa zimenezi. Iwe umati tomato ndi wofewa, mayi wogulitsa amati anathyola m'mawa uno, nonse mukudziwa kuti mukunama pang'ono, ndipo mumakumana pakati n'kusiyana mukuseka. Ndi gule wa anthu awiri, palibe amene amapita naye kunyumba kukamulira. Ine gule ameneyu ndinkamuvina bwino. Ndinkakanda kamng'alu ndi chala chachikulu mpaka mwini wake ayambe kupepesa chifukwa cha katundu wake yemwe.

M'mwezi wa Okutobala kasitomala wina wa pamapuloti aja anatituma kuti timupezere orijino ya gemu ina ya pakamakina ka m'manja, gemu yolima, mmene munthu amadzala mbewu, kuthirira ndi kuweta ng'ombe. Ndinaseka kuti munthu anathawa khasu kumudzi n'kudzalifunanso pagalasi. Ndinafunsafunsa, mpaka kondakitala wina wa minibasi ya ku Kanakantapa anandiuza kuti kumeneko kuli madala wina, ba Sakala, amene madzulo aliwonse amakhala pansi pa mtengo wa mango akudina kamakina kolira nyimbo.

Ndinawapeza kudimba akuthirira repu. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wa korona m'khosi. Anandipatsa mpando ndi madzi, ndipo nditanena chomwe ndadzera analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munali kansalu ka chitenje, m'kansalumo kamakina komangidwa ndi mpira wa chubu kuti mabatire asagwe, ndipo kumsana kwake kunali kaseti yomwe ija ndinkafuna. Anandilola kuiona, koma kuichotsa ayi. Anati sagulitsa.

Ine ndinasangalala. Wogulitsa wodziwa amayamba ndi kukana. Ndinati mumtima, lero ndakumana ndi mnzanga. Ndinanyoza leba, iwo anangomwetulira. Ndinanyoza mpira wa chubu, iwo anavomera kuti ndi wakale. Ndinatchula mtengo, n'kuukweza, n'kuimirira ngati ndikupita, n'kukhalanso. Madala osagwedezeka. Apo ndinatulutsa mfuti yanga yaikulu, imene ba Airini anandiphunzitsa sabata yomweyo. Ndinawauza kuti m'kati mwa kaseti yotere muli kabatire kakang'ono ngati batani la jekete, ndipo ndiko kamasunga zonse zimene munthu wasewera. Kakafa kameneko, zonse zimafufutika, gemu imayambira poyambirira ngati sinakhudzidwepo. Ndipo pa zaka zimene kasetiyo yakhala, kabatireko kanali kale ndi phazi limodzi kumanda. Zinali zoona. Choonadi sindinkachigwiritsa ntchito kawirikawiri, koma tsiku limenelo chinali pafupi.

Nkhope yawo inasintha, ndipo ine ndinaganiza kuti ndayamba kupambana.

"Vonse?" anafunsa.

"Vonse, atate. Palibe chosala."

Anakulunga kamakina kaja pang'onopang'ono, n'kutseka chitini. Anandiperekeza mpaka kumsewu, n'kundipatsa mtolo wa repu. Ndinakwera minibasi ndikudziwerengera kuti pasanathe sabata adzandifuna okha.

Anabweradi. Anafika ndi minibasi yoyamba, atavala jekete la kutchalitchi kutentha konse kuja, chitini chili m'khwapa. Anachitsegula patebulo pa ba Airini. Kaseti ija inali itapindika ngati khungwa louma, leba itafutukuka m'mbali, ndipo pamakina sinkalowanso. Ba Airini anafunsa ngati inagwera pamoto. Madala anati ayi. Anafotokoza kuti moyo wawo wonse mabatire a wailesi akafooka amawayanika padenga la malata, ndipo madzulo amakhala atabwerera mphamvu yokwanira kumvera nkhani. Atamva kuti kabatire ka m'kati kakufa, anachita zomwezo. Anakwera pa mpando n'kuyanika kasetiyo padenga tsiku lonse, dzuwa la Okutobala, ndipo poti anali ndi mantha kuti tsiku limodzi silikwanira, anaibwezanso m'mawa mwake.

Ba Airini anafunsa kuti za kabatirezo anawauza ndani. Madala sanatchule dzina. Anangondiloza ndi mlomo.

Ndipamene tinamva nkhani ya kasetiyo, imene ine ndikanaimva ku Kanakantapa ndikanangofunsa. Inali ya mwana wawo wamkazi, Esinati. Ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Lusaka, ndipo kamakinako ndi gemuyo anagula yekha m'mashopu a ku Kamwala. Atadwala anabwerera kwa makolo, nakhala miyezi yambiri pamphasa. Kumunda sankatha kupita, choncho ankalima m'gemumo. Bambo ake poyamba ankamudzudzula kuti mwana wa mlimi sangamalime pagalasi. Koma zala zake zitayamba kufooka, anawaitana n'kuwaphunzitsa batani lotungira madzi, lothirira, ndi njira yopita kukhola, kuti mbewu zake zisafote iye akagona. Anamwalira mvula isanayambe. Kuyambira pamenepo, zaka zonsezi, ba Sakala akaweruka kudimba lawo ankasamba m'manja n'kukathirira la Esinati.

"Kusewela sinidziwa," anatero. "Nidziwa chabe kuthilila."

Ine ndinali nditaima pafupi ndi katani, ndipo ndinkalakalaka kataniyo itandimeza.

Ba Airini sanataye nthawi ndi ine. Anatembenuza kaseti kuti amasule, n'kuima. Sikuluu yake inali wamba, ya mtanda. Anaimasula, n'kukanula chikhokho chopindikacho ndi kapulasitiki kopyapyala kuti bodi isasweke. Pakati pa bodiyo panali dontho lakuda lija. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinali nditakwera minibasi, kudya fumbi, ndi kuopseza nkhalamba chifukwa cha gong'a imene kasitomala wathu sakanailandira ngakhale yaulere. Ba Airini, poti sabisa, anawauza ba Sakala kuti kasetiyo sinali ya kufakitale yeniyeni.

"Gong'a olo si gong'a, ng'ombe zake zilimo?" anafunsa madala.

Limenelo ndilo linali funso, ndipo panalibe amene akanaliyankha. Ba Airini anaika nsonga za mita yoyezera mphamvu pa kabatire kaja. Anati kadakali ndi moyo, koma moyo wa munthu amene ansembe amuitanira kale. Bodi sinapindike, pulasitiki ndiyo inalandira chilango chonse. Anapukuta mano ake ndi thonje la sipiriti, n'kuigoneka m'theka la chikhokho chatsopano chimene anachotsa pa imodzi mwa makope athu, n'kuilowetsa mu rida. Nthawi zonse timatero: timayamba takopera zosungidwazo mu laputopu, kenako n'kusintha batire mtima uli m'malo, popeza zikafufutika timazibwezeramo. Koma rida inakana. Padzina la gemu inaonetsa zilembo zosokonekera. Ba Airini anati opanga gong'a amalumikiza mabodi awo mmene afunira, ndipo rida siidziwa kumene zosungidwazo zili. Kuikakamiza kukanatha kulemba pamwamba pa zimene tinkafuna kupulumutsa.

Panatsala njira imodzi, imene iwo anati saikonda. Kaseti ikakhala pamakina oyaka, zosungidwazo zimadya mphamvu ya makinawo, osati ya kabatire. Choncho munthu angathe kuchotsa kabatire kakale n'kuwotcherera katsopano gemu ili mkati moyaka. Koma bodi imakhala yosavundikira, yongotsamira m'theka la chikhokho, ndipo ikasuntha pang'ono pokha nthawi imene kabatire kachotsedwa, zonse zapita. Pamafunika wina wogwira makina mowapendeketsa kuti wowotcherera afikire, chala chachikulu chitapanikiza m'mphepete mwa bodi. Manja a ba Sakala ankanjenjemera. M'shopumo tinalimo atatu.

Ba Airini anaika mabatire atsopano m'kamakina kathu koyesera, n'kutseka chitseko, n'kundikhazika pa stulu.

"Iwe ukakamba, manja yako yavina," anandiuza. "Lelo ukhale zii mpaka nikuuze."

Anayatsa. Panadutsa kamphindi galasi lili loyera, kenako kanyimbo kanayamba, ndipo pamndandanda panatuluka zilembo zitatu, ESI. Ba Sakala anapuma mokoka. Ba Airini anawapempha kuti adine okha, ndipo tinaona kanyumba, kamunthu kovala chipewa kataima pakhomo, mizere ya mbewu zobiriwira, ndi mpanda wa khola. Zonse zinalipo. Tsopano kunatsala kuti tisaziphe ndife.

Ndinagwira mmene anandionetsera, galasi likuyang'ana kwa madala, msana wa makina kwa ba Airini. Kabatire kamagwidwa ndi timalata tiwiri towotcherera pabodi. Anapaka fulakisi, mankhwala othandiza mtovu kusungunuka, n'kugunditsa ayini pa kalata koyamba. Utsi wake unalowa m'maso mwanga. Kalatako kanakana kutuluka, poti mtovu wa gong'a ndi wouma, ndipo anayenera kuwonjezera watsopano kuti wakalewo ufewe. Thukuta linayamba kutsika pamphuno panga. Ntchentche ya ku butchala inabwera kudzaliyendera.

Nthawi yomweyo wina anagogoda pawindo. Anali munthu wofuna chaja, ndipo poona kuti palibe woyankha anayamba kudzitchulira yekha mitengo, mitengo yachipongwe, yoti tsiku lina ndikanatuluka n'kumuphunzitsa. Anafika pofuula kuti machaja athu ndi a gong'a. Mayankho anadzaza m'kamwa mwanga ngati mate. Ndinawameza onse. Sindikudziwa ngati munthuyo anazindikira kuti ndi yekhayo m'Chongwe monse amene anandinyozera katundu n'kuchoka osayankhidwa.

Kalata koyamba kanatuluka, kachiwiri kanatsatira, ndipo ba Airini anaika kabatire kakale pambali. Kuyambira apo dimba la Esinati linali pa chala changa basi. Madala, kaya pofuna kundikhazika mtima pansi kaya kudzikhazika okha, anayamba kuyankhula motsitsa, maso ali pagalasi. Anati m'khola muja muli ng'ombe yamawanga imene Esinati anaitcha dzina la amayi ake chifukwa inali yaukali. Panalinso nkhuku imodzi yotchedwa TATE, imene sinkachedwa kudzuka. Anadandaula kuti anthu a m'gemumo amadzala popanda mizere yokwezeka, ndipo mvula yeniyeni itagwa zonse zikanakokoloka. Anamuuzapo mwanayo zimenezi, iye n'kuseka mpaka kutsokomola.

Ba Airini anagoneka kabatire katsopano n'kuyamba kuwotcherera. Kalata kakumunsi kanali pafupi ndi chala changa. Dontho la mtovu wosungunuka linachoka pansonga ya ayini n'kutera pakhungu, m'mbali mwa chikhadabo. Amene anapsapo ndi mtovu amadziwa kuti sutentha n'kuchoka, umakhala pomwepo n'kumadya. Dzanja linafuna kuthawa lokha. Ndinaluma kolala ya shati n'kulikaniza, koma liyenera kuti linagwedezeka pang'ono, chifukwa kanyimbo kaja kanaima pa liwu limodzi lalitali, ndipo pagalasi panadutsa mizere. Kamunthu kachipewa kanauma pomwe kanali.

"Osasiya," anatero ba Airini, osadzutsa mutu. "Moto ukalimo. Gwila."

Anamaliza kalata kaja, n'kupita ku kachiwiri. Anaika mita, n'kuona kuti kabatire katsopano kakupereka mphamvu yake yonse kubodi. Kenako anachotsa kadontho ka mtovu pachala changa ndi kapani, n'kundiuza kuti nditha kuika makina patebulo. Zala zinakana kutambasuka, anachita kundithandiza.

Gemu inali itauma ndithu, ndipo njira yokhayo yodziwira ngati kugwedezeka kuja kunawononga zosungidwa inali kuzimitsa n'kuyatsanso. Tonse tinkayang'ana kabataniko. Ba Airini anasuntha makinawo kupita kwa mwini kaseti. Madala anagwira korona wawo, n'kuwakankhira kwa ine.

"Zimya ndiwe, mwana wanga. Ndiwe unayamba nkhani."

Sananene mwaukali. Ndinazimitsa, ndipo liwu lija litaleka m'shopu munangomveka macheka a ku butchala. Ndinayatsa. Galasi loyera lija linakhalitsa kuposa maulendo onse amene ndinadikirapo minibasi kuti idzaze. Kenako kanyimbo, kenako ESI.

Ba Sakala anatenga makinawo ndi manja awiri. Sanathokoze msanga, sanalire. Anayendetsa kamunthu kaja kupita kuchitsime, n'kutunga, n'kuyamba mzere woyamba. Anati mbewuzo zakhala masiku osathiriridwa, zikanafota. Ine ndinkadziwa kuti m'gemu nthawi siyenda makina akazima, ndipo mbewuzo sizinamve ludzu ngakhale pang'ono. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ba Airini sanachite kundiponda phazi, ndinatseka ndekha. Tinakhala pomwepo mpaka anamaliza mizere yonse ndi kudyetsa ng'ombe yaukali ija.

Atamaliza, ba Airini anavundikira bodi ndi theka lina la chikhokho chatsopano n'kumanga sikuluu. Madala anatembenuza kaseti n'kuona mawu owotchedwa aja, KOPE, n'kufunsa tanthauzo lake. Ba Airini anawauza kuti akusonyeza kuti nyumba ndi yatsopano, koma wokhalamo ndi yemwe uja. Leba yatsopano madala anaikana. Anapempha chikhokho chopindika chija, poti kumbuyo kwake Esinati anakandapo dzina lake ndi phini, ndipo anachikulunga m'kansalu komweko. Ba Airini anawauza kuti kabatire katsopanoko kadzatha nakonso pakapita zaka, ndipo asadzadikire kuti wina wa pakamwa adzawaopseze, adzangobwera. Anawonjeza kuti dzuwa alisiyire mabatire a wailesi. Madala anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti a wailesiwo ndiye sadzasiya, chifukwa amabwereradi.

Za malipiro anakangana okhaokha panja, ine sindinamve. Ndimangodziwa kuti mpaka mvula inagwa, kondakitala uja ankatsitsa mtolo wa repu pashopu pathu Loweruka lililonse, moti ndinafika pomuona repu kumaloto. Kasitomala wa pamapuloti uja tinamupangira kope ya gemu yolimayo. Anang'ung'udza kuti ankafuna orijino, koma patapita sabata anatumiza uthenga wofunsa mmene angachiritsire ng'ombe yodwala.

Ba Airini sanandidzudzule tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangondipaka mankhwala pachala n'kundituma kukagula mabanzi. Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo ndisanatsegule tebulo langa, ndipo mpaka lero makope anga ndimawawotcha kumbuyo ndi mawu omwe aja, ngakhale mtima umandipwetekabe pang'ono ndikamalemba.

Ndisaname kuti ndinatembenuka mtima. Mukandibweretsera foni yosweka lero, mudzamva kuti ngakhale mwana sangaifune yoseweretsa. Gule uja ndimavinabe, ndipo ndi amene amandidyetsa. Koma ndinaphunzira kuti si aliyense wokana kugulitsa amene akuvina. Chipsera cha mtovu chija chili pa chala chomwe ndimakandira ming'alu ya katundu wa anthu, ndiye ndimachiona nthawi yabwino, ndisanayambe. Katundu akatuluka m'thumba la pulasitiki, ndimanyoza. Akatuluka m'chitini, atakulungidwa m'kansalu, ndimabweza chala m'thumba n'kufunsa kuti ankasewera ndani. Ndikafunsa ndimakhala chete, ndipo kwa munthu ngati ine pamenepo ndiye pali ntchito.